Thobwa la a Jailosi

LOLEMBA

Kuseri: kasanu ndi kawiri. Mapiritsi: atatu. Chakudya: phala lamadzimadzi, nthochi imodzi.

Kope ili ndi lamulo la asisita a ku kiliniki. Akuti ndizilemba zomwe ndadya, mapiritsi omwe ndamwa, ndi maulendo omwe ndathamangira kuchimbudzi kuseri kwa nyumba. Chilankhulo sananene. Ndilemba m'Chichewa. Mkazi wanga MaNcube amawerenga Chindebele ndi Chingerezi basi, ndipo munthu wa zaka 68 amafunika kakona kake.

Zotsatira za kabotolo komwe ndinakasiya Lachisanu zatuluka. Tizilombo m'matumbo. Asisita akuganizira madzi omwe tinatunga pa chitsime sabata ija mipopi inauma. MaNcube ankawiritsa ake. Ine ndinati mimba yanga inakulira madzi a m'thanki ya sitima, siingaope chitsime. Lero ndi tsiku lachisanu mimbayo ikundiyankha.

Malamulo a asisita:
1. Piritsi limodzi katatu pa tsiku, masiku asanu ndi awiri, osadumphitsa.
2. Madzi owiritsa, othira shuga ndi kamchere.
3. Osamwera kapu imodzi ndi munthu wina.
4. Mowa ayi. Ngakhale dontho. Mapiritsi akatha, kudikiranso masiku atatu.

Lomalizali abwereza kawiri. "Khulu," akutero, poti kuno mwamuna aliyense wa imvi ndi khulu, "mapiritsi awa ndi mowa sizionana. Mukasakaniza mudzaona ngati mukufa." Ndi mwana, ngakhale mwana wanga Themba ndi wamkulu kwa iye, koma chala amaloza ngati foromani wa ku shedi.

Vuto ndi Loweruka.

Loweruka tikutsanzikana ndi a Jailosi Kachale. Anachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere. Tinakumana ku shedi ya sitima zamalasha, iwo akutsuka mabhoyila, ine ndikuthira malasha pamoto. Kuyambira apo Loweruka lililonse tinkakhala ku bhawa, holo ya mowa ya kuno ku Mpopoma, pa benchi ya pansi pa jakaranda, chikho chimodzi cha masese chikuzungulira. Pa benchi ija tinali anthu asanu ndi mmodzi. Anayi ali kumanda. Akazi a a Jailosi anatisiya chaka chatha, nyumba agulitsa, mwana wa mlongo wawo akuwadikira kumudzi. Lamulungu akwera basi pa depoti ya Renkini. Harare, Tete, Mwanza, kwawo. Sabweranso, ndipo samanama kuti abwera.

Ndiye nditsanzikane nawo ndi madzi a shuga ndi mchere? Ayi!

NDONDOMEKO:
1. Kuphika thobwa, ngati lomwe amayi ankaphika ku Nguboyenja. Thobwa si mowa. Limamwedwa ndi ana, ndi abusa omwe.
2. Kulemba mawu otsanzikira m'Chichewa chenicheni, chopanda zigamba za Chindebele.
3. Kuimirira Loweruka ngati munthu, kapu m'manja, maso oyera.
4. Asisita asadandaule, a Jailosi asadandaule.

Mkamwa mukumveka ngati ndanyambita njanji. Akuti ndi mapiritsi.

LACHIWIRI

Kuseri: kasanu. Kamodzi si kwathu.

M'mawa. Chimera cha mawere chimapezeka pa msika wa ku Makokoba, pafupi ndi Renkini. Kuno amati imithombo. MaNcube akuti akagula iyeyo. Ndakana. Sadziwa kusankha chimera. Ine sindidziwanso, koma ndinaonapo amayi akusankha.

Ndisanakwere kombi ndakhala pansi kuwerengera zimbudzi za m'njira. Kale ndinkadziwa masiteshoni onse kuchoka kuno mpaka ku Hwange, limodzilimodzi, popanda kuyang'ana pepala. Lero mutu womwewo ukugwira ntchito iyi.

Mayi wogulitsa akundifunsa, "Uzapheka utshwala, khulu?" Ndikuti ayi, si mowa, ndi thobwa, ngati mahewu koma aulemu. Akuseka mpaka kugwira tebulo.

Chimera chili m'thumba, mimba ili chete, miyendo yandipusitsa. Ndikuti ndingodutsako ku Nguboyenja, ndi pafupi.

Nyumba yomwe ndinabadwiramo ilipobe. Mtengo wa mango wa pabwalo anadula. Pomwe panali dimba la abambo la mpiru pali kashopu ka malata, kogulitsa buledi ndi makandulo. Ndaima tsidya la msewu ngati wakuba.

Pabwalo pajapo amayi ankaika mgolo wa thobwa pa Khirisimasi. Anthu akwathu ankabwera pa njinga kuchokera ku Luveve, ku Mzilikazi, ku makomboni a njanji, mathalauza atamanga ndi mphira ku akakolo. Njinga zinkatsamira mpanda mpaka mpandawo kupendekeka. Tsiku lonse pabwalo Chichewa chokhachokha. Ana a anansi ankasuzumira pa waya kumati, "AmaNyasa ayahlabela," Anyasa akuimba. Abambo, omwe anabwera kuno wapansi ali mnyamata, ankatchula midzi yomwe anagonamo m'njira, wina n'kumawatsutsa, mpaka dzuwa kulowa. Amayi ankayesa kutentha kwa phala ndi kuseri kwa chala. Ankati likhale ngati pamphumi pa mwana wamoyo bwino, kenako uthire chimera.

Ndili mkati moganiza zimenezi, mimba yagunda ngati mabogi akulumikizana.

Palibe kuchitira mwina. Ndagogoda. Watuluka mayi wachitsikana, mwana kumsana. Ndayamba kufotokoza kuti ndinabadwira m'nyumba ino, abambo anga anali a njanji. Wayang'ana nkhope yanga, wayang'ana momwe ndafinyira mawondo. "Ngena, khulu, kungemuva." Ngati kuti sindikudziwa kuti ndi kuseri!

Chimbudzi ndi chomwechija. Chitseko anasintha. Koma msomali womwe abambo ankakolekapo zidutswa za nyuzipepala ulipobe, wopindika momwemuja. Ndinaphunzirira kuwerenga pa msomali umenewu, nkhani zopanda mutu, zopanda mathero. Ndakhalamo nthawi yaitali kuposa yomwe ntchito imafuna. Mayi uja mpaka wafuula kufunsa ngati ndili moyo.

Madzulo. Phala laphikidwa mu poto wamkulu wa maliro. Chala ndinaviika msanga, ndapsa. Chimera ndathira, ndavundula, ndavundikira. Fungo lake m'khitchini! MaNcube akuti ndikumwetulira ngati wopenga.

LACHITATU

Kuseri: kanayi. Mapiritsi: atatu. Chakudya: mpunga woyera, nthochi. Nthochi ndatopa nazo.

Ndawiritsanso m'mawa, monga amayi. Ndatsanulira mu ndowa yoyera ya pulasitiki, ndaika pansi pa sinki. Ndalawa. Lotsekemera, lolemera pakamwa. Thobwa! Ndaphika thobwa ine, koyamba m'moyo wanga!

Masana a Jailosi afika ndi wilibala. Sabata yonse akugawa katundu. Mipando inapita ku tchalitchi, bedi kwa mnansi. Ine andibweretsera chijasi chakuda cha ku njanji, cha mabatani amkuwa. Mwezi wa Okutobala, phula akusungunuka pamsewu, iwo akuti ndiyese. Ndayesa. Chikununkha malasha mpaka lero. M'thumba muli tikiti ya kombi ndi switi imodzi yosungunuka.

Abweretsanso kapu yachitsulo ya ku shedi, yoyera, yosupuka m'mphepete. Inali yathu tonse awiri, poti yanga inagwera m'ng'anjo sabata yanga yoyamba ndipo sindinagulenso ina.

Akundiyang'ana kuyambira kumutu. "Mwatha, achimwene. Khosi ngati la nkhuku yonyowa."

Ndawauza za asisita ndi malamulo anayi. Kenako akuti, "Ndiye Loweruka tizingoyang'anana?"

Ndawatengera ku sinki monyadira. Alawa ndi kapu ija. Atafuna mkamwa. Ayang'ana kudenga.

"Ili ndi phala la odwala."

Akuti kwawo ku Ntcheu thobwa limaluma pang'ono kukhosi. Akuti lasowa chimera chachiwisi pamwamba, ndi shuga. Atapa chimera chotsala, manja awiri, waa mu ndowa. Shuga theka la paketi. Avundula ndi mthiko. Avundikira. Akankhira ndowa pafupi ndi zenera pomwe pamafika dzuwa.

Ine ndinakhala zaka makumi anayi pa benchi ya ku bhawa. Ndikudziwa chomwe chimera chachiwisi ndi shuga ndi dzuwa zimachita zikakumana. Iwonso akudziwa. Palibe wayang'ana mnzake.

"Azikho ndaba," akutero, m'Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha foromani wathu wakale, yemwe ankanena choncho sitima ikatuluka mu njanji. Palibe nkhani.

Takhala pakhonde mpaka mthunzi wa mpanda wafika pa nsapato zathu. Tatchula anzathu anayi aja mmodzimmodzi. A Bizaliele omwe ankagona chikho chili m'manja osatayako. A Tembo a ku Chipata omwe ankayambitsa nyimbo ya maliro pa ukwati. Taseka mpaka ine ndathamangira kuseri. Ulendo wachinayi unali umenewo.

LACHINAYI

Kuseri: katatu. Zikuyenda!

Magetsi azima kusanache. Firiji yafunda. Ndikanafuna kuika thobwa m'firiji sindikanatha. Ndikulemba izi kuti zidziwike.

Kutentha! Agalu a mu msewu wathu agona pansi pa kombi yakufa ya kwa Sibanda, lilime panja.

Mawu otsanzikira. Ndayamba kasanu. "Amayi ndi abambo, tasonkhana pano." Kenako mutu umabweretsa Chindebele. Ndikufuna kunena kuti a Jailosi ndi munthu wokhulupirika, mkamwa mukubwera "uqotho". Ndikamaganiza za sipanala, za malasha, za kutukwana, Chichewa chimabwera chothamanga. Ndikafuna kunena za mumtima chimaima patali, manja kumbuyo.

Ku Malawi ndinapitako kamodzi, pa maliro a amalume. Ana a m'mudzi ankanditsatira kuti ndilankhule, aseke. Ankanditchula mtchona. Kuno ndine Mnyasa, uko ndine mtchona. Munthu mmodzi yekha yemwe sanasekepo Chichewa changa ndi a Jailosi. Amangokonza mwakachetechete, ngati akukuchotsa udzu pa jekete.

Themba waimba kuchokera ku Joni. Ndamufunsa m'Chichewa ngati ana ali bwino. Wamva zonse, wayankha m'Chindebele, wamalizira m'Chingerezi. Akuti ndisamwe mowa. Ndiye amayi ake amuuza kale!

Zomwe zalembeka pofika madzulo, masamba awiri:
Tsamba loyamba: za ku shedi, za kapu, za tsiku lomwe anandikoka lamba nditaterereka pa sitepe ya injini ikuyenda.
Tsamba lachiwiri: zomwe sindinawauzepo. Kuti ndi iwo anasambitsa thupi la abambo anga ine manja atakana. Kuti sindinathokoze. Zina.

MaNcube walowa kuchokera kukhitchini, manja m'chiuno. "SaThemba, ibhakede lakho liyakhuluma." SaThemba ndine, bambo a Themba. Akuti ndowa yanga ikulankhula.

Ndapita kukamvetsera. Zoona. Ikuti tsi-tsi-tsi pansi pa chivundikiro. Pamwamba pali kathovu.

Ndamuuza kuti thobwa la ku Ntcheu limapuma choncho. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Mkaziyu anakulira kwa agogo ake ku Nkayi, omwe ankafulula mowa wa mudzi wonse. Wangotenga paketi ya mapiritsi, waiika pamwamba pa chivundikiro cha ndowa, watuluka.

LACHISANU

Kuseri: kawiri, ndipo mwaulemu, moyenda. Mapiritsi: awiri.

Ndadzuka ndili munthu. Njala! Ndadya mazira awiri ndi buledi. Ndasesa pabwalo. Ndakonza mpando wothyoka. Ndachira, n'zoonekeratu. Mapiritsi otsalawa ndi a mwambo chabe.

Ndowa yasiya kunong'ona, tsopano ikuimba. Chivundikiro chikudzuka chokha. Khitchini yonse ikununkha bhawa ya tsiku lolandira malipiro.

Ndalawa ndi supuni ya tiyi. Wophika ayenera kulawa. Supuni imodzi. Yachiwiri poti yoyamba inali ya pamwamba pokha. Yachitatu ya pansi.

Likuluma kukhosi ndithu.

Patapita kanthawi makutu atentha. Ndi dzuwa.

Chikumbumtima chanditengera ku kiliniki. Ndakhala pa mzere pakati pa amayi a sikelo. Nditalowa kwa asisita ndati ndikufunsira mnzanga wina, yemwe akumwa mapiritsi ngati angawa, ngati angamweko mahewu ophika kunyumba.

"Aphikidwa liti?"

Ndati Lachiwiri.

"Ali m'firiji?"

Ndati magetsi.

"Akuchita thovu?"

Ndati mnzangayo sanandiuze.

Avula magalasi. "Khulu, mahewu a masiku anayi pa dzuwa ili ndi mowa. Mukamuuze mnzanuyo kuti matumbo ake ali ndi zilonda, angoyamba kupola. Kusiya kuthamanga si kuchira. Ndipo mnzanuyo makutu ake afiira."

Ndatuluka mwaulemu.

Pobwerera ndadzera ku bhawa, kungoona. Jakaranda wachita maluwa, benchi yonse yofiirira ndi maluwa akugwa. Pakhala anyamata atatu, aliyense ndi botolo lake, aliyense maso pa foni. Sakupatsirana. Mmodzi wandisunthira malo. Ndathokoza, ndapitirira.

Maganizo a masana, omwe pa nthawiyo amaoneka anzeru:
1. Vuto ndi kukumana kwa piritsi ndi mowa.
2. Sitima ziwiri sizigundana ngati imodzi yaimikidwa pa siteshoni.
3. Ndikaimika piritsi la madzulo ano ndi la mawa m'mawa, njanji ikhala yoyera.

Piritsi la madzulo lili m'thumba la chijasi cha a Jailosi. MaNcube wafunsa ngati ndamwa. Ndayankha ndi mutu, osati ndi pakamwa.

LOWERUKA

Kuseri: ndasiya kuwerenga.

Ndikulemba chogona, dzuwa likulowa.

Zinayamba bwino. MaNcube wapha nkhuku ziwiri. Tayala mipando pansi pa mpichesi. Abwera amayi awiri amasiye, a kwa Bizaliele ndi a kwa Tembo, atavala zitenje zawo za chigwirizano. A Jailosi afika mu suti yomwe anakwatira nayo, ikuwakwanabe. Ine malaya oyera, masamba awiri m'thumba.

Tapemphera. Tadya. Kenako a Jailosi atulutsa ndowa okha, aiika pakati pa bwalo, avundukula. Amayi a kwa Tembo anunkhiza ali pomwepo, akuti, "Thobwa limeneli lili ndi ndevu."

A Jailosi atunga ndi kapu ya ku shedi. Athirako pansi pang'ono, kanayi, osatchula maina. Amwa theka. Apukuta m'mphepete ndi chikhatho monga amachitira nthawi zonse. Andipatsa.

MaNcube ali pakhomo la khitchini. "SaThemba." Dzina lokha.

Ndayang'ana kapu. Ndayang'ana dzanja lomwe laigwira, la chala chimodzi chopindika chomwe chinapanidwa ndi chitseko cha bhoyila ine ndikuona. Dzanja limeneli landipatsa kapu Loweruka lililonse kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Ndikanakana bwanji lero?

Lamulo lachitatu ndi lachinayi, pa mkwapu umodzi.

Ndinene zoona: linali lokoma. Poyamba pakamwa pamabwera Khirisimasi ya amayi, kumapeto kukhosi kumabwera benchi ya ku bhawa. Sindinamwepo chotere ndipo sindidzamwanso.

Kapu yachiwiri sindinakakamizidwe.

Ndaimirira, ndatulutsa masamba. "Amayi ndi abambo, tasonkhana pano." Pamenepo nkhope yayaka. Khosi, chifuwa, ngati ndatsegula chitseko cha ng'anjo. Mtima ukugunda ngati injini pa chitunda ndi mabogi makumi atatu. Mpichesi wapendekeka. Amayi a kwa Bizaliele akuti, "Taonani maso awo!"

Ndathamanga. Sindinathamange choncho chipumire ntchito.

Za m'katimo sindilemba zonse. Asisita akafuna adzafunsa. Zinkatuluka kumwamba ndi kumunsi, mosapatsana mpata. Mutu ngati wina akukhoma nyundo m'kati. Ndinaganizadi kuti ndikufa, ndipo chomwe chinandiwawa n'chakuti andipeza muno, thalauza lili ku akakolo. Mipopi youma. MaNcube akubweretsa zidebe, akuziika pakhomo mwamphamvu kuti ndimve maganizo ake. Waitana mnansi yemwe kale anali namwino. Mnansiyo wandigwira pamkono kudzera pa mpata wa chitseko, wawerenga kugunda kwa mtima, akuti ndizimwa madzi a shuga ndi mchere pang'onopang'ono, chifuwa chikapweteka kapena ndikayamba kusokonezeka athamange nane kuchipatala.

Patapita ola, namondwe wa m'mimba atachepa, ndamva mpando ukukwekwerezedwa pa simenti. Waima pakhomo pa chimbudzi. Pansi pa chitseko ndikuona nsapato zakuda zopolishidwa.

"Achimwene, muli moyo?"

"Pang'ono."

"Ndine ndinathira chimera."

"Ndine ndinaika piritsi m'thumba."

Kenako akuti, "Mawu aja munayamba. Malizani. Ndikumva bwino pano."

Ndawerenga tsamba loyamba, nditakhala pomwepo, thukuta likudontha pa pepala. Za kapu, za lamba, za sitepe ya injini. Pena akukonza. "Si 'anandidonsa', achimwene, ndi 'anandikoka'." Pena akuseka. Pofika kumapeto sakuseka.

Kenako alankhula iwo, motsitsa mawu kuti amayi aja asamve. "Ndikuopa. Zaka makumi asanu. Amene ankandidziwa onse anapita. Mwana wa mlongo wangayo ndimangomudziwa pa foni. Khasu ndinaiwala kagwiridwe kake. Ndikafika akanditenga ngati mlendo wobwera kudzafa."

Pamaso sakananena. Inenso pamaso sindikanayankha. Koma chitseko chinalipo, ndiye ndati, "Mukakaona kuti sizikuyenda, chipinda cha Themba chilibe munthu. MaNcube adzakalipa sabata imodzi, kenako adzakuyalirani."

Kuchokera ku waya wa zovala MaNcube akuti, "Amaviki amabili." Masabata awiri.

A Jailosi afunsa za tsamba lachiwiri. Ndiye mimba yabweranso, mwaukali. Ndatambasula dzanja pomwe pamakhala pepala la m'chimbudzi. Katoni yokhayokha.

Ndayang'ana tsamba lachiwiri. Ndinalilemba tsiku lonse la Lachinayi.

"Achimwene, tsamba lachiwiri lapita pa ntchito ina."

Mpando wagwedezeka. Aseka mpaka kutsokomola, mpaka amayi a kwa Tembo abwera kudzawamenya kumsana. Akupuma mwabefu akuti, "Munalembamo chiyani?"

Ndati, "Za abambo anga. Munawasambitsa. Sindinathokoze."

Nsapato zija zakhala osasuntha.

"Anali opepuka," akutero. "Ngati mwana."

LAMULUNGU

Kuseri: kasanu, pofika masana. Tabwerera pa Lachiwiri. Mapiritsi: ndamwa, MaNcube ataima pamutu panga, ndipo wayang'ana pansi pa lilime.

M'mawa wati sindipita ku Renkini. Ndati ndipita ngakhale chokwawa. Wandiyang'ana, wapita kukavala nsapato zake za ku tchalitchi, watenga botolo la madzi owiritsa ndi mpukutu wathunthu wa pepala, waika m'chikwama chake. Mu kombi sanandilankhule. Koma pa mabampu amandigwira mkono.

Renkini monga mwa masiku onse. Utsi, mawilibala, anyamata oitanira akukoka anthu malaya. A Jailosi tawapeza atakwera kale, pa zenera, chipewa pamutu. Sutikesi imodzi pamwamba pa basi. Zaka makumi asanu, sutikesi imodzi ndi wailesi. Pakati pa miyendo yawo chigubu cha malita asanu. Thobwa lotsala. MaNcube anawatsanulira dzulo kuti lichoke pakhomo pake, ndipo anamanga chitsekerero mwamphamvu zake zonse.

Basi siinyamuka isanadzaze. Ndaima pansi pa zenera pafupifupi ola. Zonena zinatha dzulo. Takambirana za matayala a basiyo, kuti lakumbuyo latha. Za mvula, kuti mwina chaka chino ibwera msanga. Andifunsa ngati chijasi chikundikwana. Ndati chikundikwana.

Injini italira atulutsa dzanja pa zenera. Ndaligwira. Basi yayamba kuyenda ndikadaligwira, masitepe atatu, anayi, kenako miyendo yanga yakana.

"Mumalize mapiritsi!" akufuula.

Ndimafuna kuyankha kanthu kabwino. Ndangoti, "Mukafike."

Masana. Ndagona pa mphasa pakhonde. Nyumba ili zii. Ndowa yatsukidwa, MaNcube wanyikamo matawulo.

Cha m'ma 3 koloko foni yalira. A Jailosi. Kumbuyo kwawo phokoso, mayi wina akukalipa m'Chishona, mwana akulira.

"Achimwene, tangodutsa Gweru. Chigubu chaphulika."

Akuti chitsekerero chinauluka mpaka kudenga la basi. Mipando itatu yanyowa. Abusa ena omwe anakhala kutsogolo kwawo akununkha ngati bhawa, ndipo akupita kukalalikira. Suti ya ukwati yatheratu. Kondakitala akufuna kudziwa yemwe anafulula.

"Mwamuuza chiyani?"

"Ndati ndi thobwa. Limamwedwa ndi ana."

Ndaseka mpaka m'mimba mwapota. Iwonso akuseka uko. Tikadaseka choncho, foni yaduka. Ndaimbanso kawiri, siikulowa. Kutsogoloko netiweki imavuta, ndipo mawa akawoloka malire nambala imeneyi isiya kugwira.

Ndakhala ndi foni m'manja kanthawi.

Mawa m'mawa ku kiliniki. Mwina andiyambitsanso mapiritsi kuchokera pa tsiku loyamba. MaNcube akuti apita nane, ndipo wolankhula akakhala iyeyo.